Nkhuti ya simenti

Apongozi anga atafika pakhomo n'kupeza dzenje lofika m'chiuno kumunsi kwa nyumba, sanandilonjere n'komwe. Anaima m'mphepete, nasuzumira, kenako n'kufunsa mwana wawo kuti, "Kodi kwagwanji kuno osatitumizira uthenga?" Kwathu kuno munthu sakumba dzenje la makona anayi pakhomo popanda zovuta. Ndinawafotokozera mwaulemu kuti ndikufuna kumanga chipinda cha pansi pa nthaka chosungiramo mbatata, mbatatesi ndi mbewu. Anandiyang'ana kanthawi, n'kunena kuti, "Oho, nkhuti. Nanga nkhuti imafuna simenti?"

Anzanga amene ndimagulitsa nawo ku msika wa Kapata mu Chipata anachipatsa dzina lina. Iwo amati ndikumanga bunker, chipinda chobisalamo pa nkhondo, ndipo mpaka lero akandiona amafunsa ngati nkhondo yayandikira kuti ndiwasungire malo. Amalume, amene ankakhala ku Chadiza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 pamene zigawenga za Renamo zinkadumpha malire kudzavuta midzi ya kuno, sanaseke nawo. Iwo anagonapo kuthengo masiku amenewo, ndipo anangoti, "Mphwanga, dzenje lothawiramo limafuna makomo awiri. Lakolo lili ndi khomo limodzi, ndiye usamanamize anthu, ndi la mbatata basi."

Maganizowa anabwera mu 2024. Mvula inadula chimanga chitangoyamba kumasula, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anatsika, magetsi n'kumabwera maola owerengeka pa tsiku, ndipo firiji yathu inasanduka kabati yosungiramo mbale. Ife a madimba tinapezako pang'ono, koma zokololazo zinkafota m'nyumba ya malata. Mbatatesi za mbewu zinamera nthawi isanakwane. Ndinakumbukira nkhuti ya agogo, dzenje lowazidwa phulusa limene mbatata zinkakhalamo miyezi ingapo zili bwinobwino, ndipo ndinati bwanji ndimange nkhuti yoti munthu n'kulowamo ali chiimire.

Ndinayamba ngati mmene aliyense amayambira, kufunsa mitengo ya zipangizo m'mashopu a m'tauni. Amene anandibweza ndi mkulu wina wokumba zitsime, yemwenso ndi mmodzi wa adzukulu a m'mudzi mwathu, ndiye nthaka ya dera lathu amaidziwa ngati m'thumba mwake. Nditamufunsa kuti chabwino n'chiti pakati pa njerwa ndi mabuloko, anandiseka. "Abambo, musagule kanthu. Kumbani kaye, muvindikire ndi malata, tikaonane mu Febuluwale."

Dzenje limene apongozi anapeza lija linali limenelo. Tinalifikitsa mamita awiri mu Okutobala, dothi louma gwa mpaka pansi. Pamwamba panali dothi lakuda, kenako makande omata. Malowo ndinawakonda chifukwa anali pafupi ndi dimba. Pofika kumapeto kwa Januwale, ngakhale pamwamba panali povindikira bwino, madzi anali atafika theka la dzenjelo, ndipo achule anali atapezamo mudzi. Madziwo sanalowere pamwamba. Anatumphuka pansi ndi m'mbali. Kuno mvula imagwa pafupifupi mamilimita 1,000 pa chaka, yonse yothithikana m'miyezi isanu, ndipo malo oyandikira dambo amakhuta madzi msanga.

Mphwanga wina amene anaphunzira za zomangamanga ku Lusaka ndiye anandiwerengera zimene madzi amenewo akanachita. Madzi odzaza malo a mita imodzi mulitali, mulifupi ndi msinkhu amalemera makilogalamu 1,000. Chipinda chimene ndinkafuna, cha mamita 3 ndi 2.5 m'kati, ukaphatikiza makoma, denga ndi pansi, chimatenga malo a madzi olemera matani oposa 20. Ndiye madzi a m'nthaka akakwera mpaka pamwamba, amachinyamula ndi mphamvu yomweyo, monga mmene amayandamitsira bwato. Ndinkaopa kuti denga lingandigwere, koma zoti chipinda chingathe kutukulidwa kuchokera pansi sindinaziganizepo. Tinakwirira dzenjelo, n'kusamukira kumtunda, pa chitunda cha katondo wosakanikirana ndi timiyala, potsetsereka, pomwe madzi angathe kutuluka okha kudzera m'ngalande popanda pampu.

Kusamuka kumeneko ndiko kunasankha theka la zipangizo.

Choyamba kuchotsa pa mndandanda chinali kontena. Ambiri anandiuza kuti ndigule kontena yakale, ngati zija anthu amasandutsa mashopu m'mbali mwa Great East Road, ndiikwirire, nkhani yatha. Zimaoneka zanzeru poti ndi chitsulo. Koma mphamvu ya kontena ili m'makona ake anayi, chifukwa inapangidwa kuti izisanjikizidwa pa inzake m'sitima. Makoma ndi denga lake ndi chitsulo chopyapyala, cha mamilimita awiri kapena kucheperapo. Ukaithira dothi m'mbali imapindikira m'kati, ukathira pamwamba denga limabonyoka, ndipo m'dothi lonyowa imachita dzimbiri mwakachetechete iwe osaona. Komanso kontena ya mamita 6 imalemera matani awiri ndi pang'ono chabe pamene m'kati mwake ndi mpweya wokhawokha, ndiye pa malo ngati dzenje langa loyamba lija ikanatumphuka ngati chigubu. Kuti uikwirire bwino uyenera kuimangira makoma ndi denga la konkire kuzungulira, ndipo ukatero wagula kontenayo pachabe.

Matabwa sindinachedwe nawo. Chiswe cha kuno chimadya mpini wa khasu usiku umodzi. Mitengo ya mupani ya ku Malambo imapirira ndithu, koma denga la mitengo losenza dothi lonyowa silikuuza tsiku limene lawola.

Mkangano weniweni unali pakati pa njerwa zootcha ndi mabuloko, ndipo unatenga milungu. Mmisiri wanga, bambo wachikulire amene wamanga nyumba zambiri m'dera lathu, ankakonda njerwa. Tili ndi chulu pamunda, njerwa tikanaumba tokha n'kuotcha tokha, ndalama yongopita ku nkhuni ndi aganyu. "Abwana, khoma la njerwa ziwiri silisuntha," ankatero. Pa nyumba ya pamtunda akunena zoona. Njerwa imapirira kwambiri katundu woipsinja kuchokera pamwamba. Koma khoma la pansi pa nthaka limakankhidwa cham'mbali, ndipo kukankhako kumakula ukamatsika, n'kuwonjezekanso dothi likakhuta madzi. Khoma lowongoka la njerwa likakankhidwa chotero limachita mimba pakati, n'kung'aluka motsatira mizere ya matope. Aliyense wa kuno anaonapo chimbudzi chokumba chitatitimira mu Febuluwale, ngakhale china chinali chomangidwa ndi njerwa m'kati. Mukayang'anitsitsa, zimene zimagwa kwambiri ndi za makona anayi. Chitsime chozungulira chimakhala zaka zambiri ndi njerwa imodzi yokha, chifukwa dothi likamakankha, njerwazo zimangopanikizana zokhazokha.

Apa ndiyenera kuvomera kuti ndikanakhala womva, ndikanamanga chozungulira ndi njerwa zootcha bwino, zija zimalira ngati chitsulo ukaziombanitsa, ndipo ndikanawononga simenti yochepa. Ndinakana chifukwa cha mashelefu. Ndinkafuna makoma owongoka oti ndiyedzekepo mashelefu ndi makreti, ndipo kukonda makona kumeneko ndinakulipira ndi zitsulo.

Choncho tinagwirizana za mabuloko a mainchesi 8, a mabowo awiri aja, koma osawasiya opanda kanthu. M'bowo limodzi la buloko lililonse tinaimikamo chitsulo cha Y12, chija chokhuthala mamilimita 12, chochokera m'konkire ya pansi, n'kuthiramo konkire m'mabowo onse, mizere itatu itatu, tikutsinya ndi kamtengo kuti musatsale mphako. M'mizere yopingasa tinagonekamo waya wolimbitsa khoma wotchedwa brickforce. Kunena zoona buloko pamenepo limangokhala chikombole, chimene chimagwira dothi ndi konkire ndi chitsulo cha m'katimo. Mphwanga uja ankafuna makoma a konkire yokhayokha yothira m'matabwa, ndipo ndiyo njira yolimba koposa, koma imafuna matabwa ambiri, makina otsinyira konkire, ndi anthu oti athire khoma lonse tsiku limodzi. Kumudzi, ndi mafosholo ndi mawilibala, ndinaona kuti tingapange khoma la zibowo ngati chisa cha njuchi.

Kugula mabuloko nakonso ndi nkhondo. Oumba ena amafuna kutulutsa mabuloko ochuluka kwambiri pa thumba limodzi la simenti, ndipo amawagulitsa asanakhwime. Ndinkayenda ndi msomali m'thumba. Buloko likakandika ndi msomali n'kumayoyoka mchenga, ndinkangotsazika. Kwina ndinagula limodzi, n'kuligwetsa kuchokera pachifuwa pa nthaka youma. Linasweka zidutswa zisanu, mwini wake n'kundiuza kuti ndaligwetsa moipa. Amene ndinagula kwa iye pomaliza anali wodula pang'ono, koma anandionetsa mulu umene ankauthirira madzi m'mawa ndi madzulo.

Simenti ili ndi manambala pa thumba, ndipo ambirife sitiwawerenga, timangofunsa kuti ya Chilanga kapena ya Dangote ili pa zingati. Ya 32.5 ndi yokwanira kumangira ndi kupaka pulasitala. Pa konkire ya pansi, ya m'mabowo ndi ya denga tinagwiritsa ntchito ya 42.5. Thumba lililonse ndinkaligwira ndi manja ndisanakweze pa ngolo, chifukwa simenti yokhalitsa m'sitolo imachita mibulu, ndipo ya mibulu yosaphwanyika ndi chala yatha kale mphamvu. Muyezo wathu unali matumba awiri a makilogalamu 50, mawilibala awiri a mchenga, ndi atatu a miyala yophwanya ya mamilimita 20. Ntchito yonse, kuphatikizapo masitepe ndi pulasitala, inadya matumba oposa pang'ono 60, pamene ine ndinkaganiza kuti 35 akwana.

Pa mchenga ndi pamene ndinatsala pang'ono kupusitsidwa. Wa ngolo anabweretsa mchenga wosalala wokongola, wotapa m'mbali mwa msewu. Tinathira wina m'botolo, n'kuwonjezera madzi, kukhutchumula, n'kuusiya usiku wonse. M'mawa pamwamba pa mchengawo panali matope okhuthala pafupifupi chala chathunthu. Matope otero amakuta mchenga, simenti n'kulephera kugwira. Ndinabweza ngolo ziwiri, ndipo mpaka lero munthuyo sandiyankha bwino moni. Tinakatenga mchenga wa mumtsinje, wokhakhala, uja umalira m'manja ukaufinya.

Chinthu china chimene ndinakangana nacho ndi anyamata aganyu tsiku lililonse ndi madzi a m'konkire. Konkire yamadzimadzi ndi yopepuka kusakaniza ndi kuthira, ndiye ukangotembenuka, wina wathiramo kale ndowa ina. Koma madzi owonjezerawo akauma amasiya tinjira ting'onoting'ono m'kati, ndipo m'tinjira timeneto ndi mmene chinyezi chimadzera. Ndinafika pokhala pa mpando pafupi ndi mgolo wa madzi, ndowa ili pakati pa miyendo yanga. Akazi anga ankati ndikuoneka ngati mlonda wa pa chigayo.

Denga ndiye linandisowetsa tulo. Silabu yake ndi yokhuthala masentimita 15, ndipo yokha imalemera matani atatu ndi theka, poti konkire ya mita imodzi mbali zonse imalemera pafupifupi makilogalamu 2,400. Pamwamba pake tinafuna kuthirapo dothi la theka la mita kuti kutentha kusalowe, ndipo dothi limenelo likanyowa limafika matani 9 kapena 10. Apa sindinalole zongoyerekeza. Mphwanga anajambula pa pepala kukula kwa zitsulo ndi mipata yake, ndipo anabwera yekha kudzaona tisanathire. Anapeza zitsulo zitagona pa matabwa penipeni. Anatiumbitsa timabuloko ta simenti tokhuthala masentimita 4 toti tizinyamule, chifukwa chitsulo chikakhala pafupi ndi kunja chinyezi chimachipeza, chimachita dzimbiri, n'kufufuma, n'kung'amba konkire kuchokera m'kati. Titathira tinafunditsa masaka onyowa, n'kumathirira masiku 14. Mitengo yochirikiza pansi sitinaichotse mpaka patatha milungu itatu, ndipo dothi tinathira patadutsa masiku 28, nthawi imene konkire imawerengedwa kuti yafika pa mphamvu yake. Pamwambapo ndinazunguliza mpanda wa nsungwi kuti wina asadzadutsitsepo ngolo ya ng'ombe.

Anthu akabwera kudzaona amagogoda makoma n'kumayamikira kulimba. Palibe amafunsa za zimene zili kuseri kwa makomawo, pamene ndi zimene zimachititsa kuti m'katimo mukhale mouma. Konkire ndi mabuloko zimamwa madzi. Kunja kwa makoma tinapaka pulasitala, itauma n'kupaka phula lakuda kawiri, kenako n'kukuta ndi pepala lokhuthala la pulasitiki, lomwenso tinayala pansi pa silabu ya pansi. M'munsi mwa makoma, kuzungulira, tinagoneka paipi yoboolaboola m'kati mwa miyala, yopendekera kumunsi mpaka kukatulukira pa mtsetse. Pobwezera dothi, chakufupi ndi khoma tinathira mchenga wokhakhala ndi timiyala kuti madzi azitsika msanga kupita ku paipiyo, ndipo pamwamba penipeni tinatsekera ndi katondo wotsinyidwa, wopendekera kunja. Mwa zonsezi paipi ija ndiyo inali yotchipa, koma mvula ikagwa usiku, m'mawa ndimapita kukaiona ikutulutsa madzi ngati mpopi, ndipo ndimadziwa kuti madzi amenewo akanakhala akukankha khoma langa.

Mwina ndinene pano za kukumba, ngakhale si chipangizo. Dzenje la mamita awiri ndi theka limapha munthu. Wokumba zitsime uja anakana kuti m'mbali mukhale mowongoka, anapendeketsa, ndipo dothi lofukulidwa analiunjikitsa kutali ndi m'mphepete. Ndinadandaula kuti tikukumba malo aakulu kuposa chipinda. Anandiyankha kuti iye wakwirirapo anthu okwanira.

Ngakhale tinasamala chotero, dzinja loyamba madzi analowa. Sanali ambiri, kamzere konyowa chabe pa kona ya kumtunda, pomwe khoma limakumana ndi silabu ya pansi. Konkire ya pansi tinathira Lachisanu, makoma n'kuyamba Lachiwiri, ndipo pa mkumano wa konkire yakale ndi yatsopano nthawi zonse pamatsala msoko. Tinayenera kukhakhalitsa pamenepo, kutsukapo bwino, ndi kuumba kamtumbira ka matope a simenti kunja kuti phula likwere mosaduka. Mbali zitatu tinachita. Mbali ya kumtundayo tinafulumira chifukwa kunkada. Ndikukayikiranso kuti mwala wina wakuthwa unaboola pulasitiki pobwezera dothi, poti tsiku limenelo ndinali ku maliro. Kukonza kwake kunali kufukulanso mbali yonseyo mu Juni, ntchito ya masiku anayi, pofuna kukonza chinthu chimene chikanatenga ola limodzi.

Za mpweya ndinaphunzira mochititsa manyazi. Ndinaika paipi imodzi yokha ya mamilimita 110 padenga, poganiza kuti yakwana. Mpweya sunkayenda. Denga linkachita thukuta, madontho n'kumagwera pa makreti. Mpweya kuti utuluke pafunika pena polowera, ndiye tinaboola n'kuwonjezera paipi yachiwiri pa kona ina, yotsika mpaka pafupi ndi pansi, pamene yoyamba ija tinaitalikitsa kunja n'kuipaka utoto wakuda kuti ikatenthedwa ndi dzuwa izikoka mpweya. Kukamwa kwa mapaipi onse tinamangako sefa ya waya, titapeza kale khoswe mmodzi ndi kanjoka m'katimo. Mbatata ndi mbatatesi zimapuma, zimadya mpweya wabwino n'kutulutsa woipa, umene ndi wolemera ndipo umakhazikika pansi. N'chifukwa chake pakhomo pathu pali lamulo loti chitseko chitsegulidwe kaye kanthawi munthu asanatsike, mwana asalowe yekha, ndipo mbaula kapena jenereta zisayandikire n'komwe. Utsi wa makala m'chipinda chotere umagoneka munthu osadzukanso.

Chitseko ndi chachitsulo, chowotcherera kwa anyamata a m'tauni, chopakidwa utoto woletsa dzimbiri, ndipo chimatseguka ndi m'kati momwe. Pakhomo pake tinakweza masentimita 30 kuti madzi othamanga asatsikire pa masitepe. Amalume atabwera anayang'ana zonsezi, n'kubwereza mawu awo a makomo awiri. Akunena zoona. Mayiko ngati Switzerland, kumene lamulo la 1963 linafuna kuti nzika iliyonse ikhale ndi malo m'chipinda chobisalamo, amamanga ndi zitseko zokhuthala za konkire ndi chitsulo, makina osefa mpweya, ndi njira yachiwiri yothawira. Changa sichingapirire bomba, ndipo sindinachimangire zimenezo.

Nanga kuzizira kwake? Amene akuyembekezera firiji akhumudwa. Nthaka ya pa mamita awiri imasunga kutentha kwapakatikati kwa chaka chonse cha dera limenelo, ndipo Chipata si dera lozizira. Mu Okutobala, kunja kukamafika madigiri 34, kachipangizo kanga koyezera kamaonetsa 23 kapena 24 m'katimo, usana ndi usiku mosasinthasintha. Kwa mbatata zimenezo n'zabwino ndithu, sizifota. Mbatatesi zimachedwerako kumera poyerekeza ndi m'nyumba ya malata, ngakhale zimamerabe. Tomato amapirira masiku angapo owonjezera, okwanira kudikira kuti mtengo ku Kapata ukwereko. Mbewu ya nyemba ndi ya nshawa ndimaisunga m'migolo ya pulasitiki yotseka kwambiri, itauma bwino.

Chimanga ndiye ayi. Akazi anga anandiletsa. "Bambo ake ana, chimanga chimafuna mphepo, n'chifukwa chake nkhokwe imakhala m'mwamba." Ine ndinaikamo matumba awiri mwakabisira kuti ndiyesere. Patatha miyezi iwiri chinali chitayamba fungo ndi chuku. Chimanga chimasungika chikauma kufika pa chinyezi cha 13 peresenti kapena kutsikirapo, ndipo m'saka wamba chimayamwanso chinyezi cha m'chipinda. Chuku chinanso chimabala poizoni wotchedwa aflatoxin, yemwe mu Ogasiti 2024 boma linalengeza kuti wapezeka mu ufa wina wogulitsidwa m'dziko muno agalu ambiri atafa. Matumba awiriwo sitinapatse ngakhale nkhuku. Tinawakwirira, ndipo nkhaniyo imatulukabe nthawi iliyonse ndikayamba kulankhula ngati katswiri.

Apongozi anabweranso mu Okutobala wapitayu, dzuwa likuswa mtengo. Anatsika masitepe pang'onopang'ono atagwira khoma, n'kuyang'ana mashelefu, n'kutola mbatata imodzi, kuifinya, kuinunkhiza. Anafunsa ngati ndawazamo phulusa. Ndinati ayi. Anatuma mdzukulu wawo kuti akatape phulusa kukhitchini, nawaza okha pa makreti onse, kenako anapempha mpando. Anakhala m'menemo mpaka dzuwa litapendeka, akusenda nshawa, chitseko chili chotsegula.

Pa kona ya kumtunda ija ndinalembapo mzere ndi choko pomwe panafika chinyezi chaka chatha. Mvula yayamba kale kugunda cha ku Mchinji, ndipo mawa ndikukachotsa zinyalala kukamwa kwa paipi ya kumunsi.